Mtima Wofooka Umafunabe Kuyenda: Momwe Mungayambire Mafizo Kuno ku Blantyre

Munthu akatuluka m'chipatala atauzidwa kuti mtima wake sukupopa bwino magazi, abale amam'konzera mpando pakhonde kapena mphasa pamthunzi, kenako n'kumuletsa chilichonse. Akati adzuke akamwe madzi, amamuuza kuti, "Khalani pansi amayi, mwana akutengerani." Akati apite kutchalitchi wapansi, amamufunsa kuti, "Mukufuna mutigwere panjira?" N'chikondi chimenecho, palibe angatsutse. Koma chikondi chotere chikatha miyezi, chimamaliza ndi mphamvu zomwe matenda anasiyako.

Madokotala nawonso kale ankatero. Mpaka cha m'ma 1950, munthu amene mtsempha wa mtima wake watsekeka mwadzidzidzi ankagonekedwa pabedi masabata 6, osaloledwa ngakhale kudzisambitsa. Mu 1952 madokotala awiri a ku Boston, Samuel Levine ndi Bernard Lown, anasonyeza kuti kuwadzutsa odwala otere n'kuwakhazika pampando sikunkawaononga, ndipo ambiri ankapezako bwino. Mu 1966, ku Dallas, anyamata 5 athanzi azaka 20 anagonekedwa pabedi masabata 3 pofuna kuona zomwe zingachitike. Podzuka, mphamvu ya matupi awo yogwiritsa ntchito mpweya inali itatsika kupitirira kota. Atawayezanso patatha zaka 30, zinapezeka kuti masabata 3 aja anawafooketsa kuposa zaka 30 zokalamba. Amenewo anali anyamata opanda matenda. Nanga agogo amene mtima wawo ndi wofooka kale?

Kafukufuku wamkulu pa nkhaniyi ndi wa HF-ACTION, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2009. Munali odwala 2,331 a mtima wolephera kupopa bwino. Ena anapatsidwa mankhwala ndi uphungu, ena anawonjezeredwa masewera olimbitsa thupi. Masewerawo sanabweretse ngozi yowonjezera, anachepetsako pang'ono kugonekedwa m'chipatala, ndipo odwala ankanena kuti moyo wawo ukuyendako. Sizinali zozizwitsa, ndipo amene angakuuzeni kuti kuyenda kulowa m'malo mwa mapiritsi akukunamizani. Koma kwa munthu amene amabanika pongovala nsapato, kutha kufika pamsika n'kubwerera yekha si nkhani yaing'ono.

Zimatheka bwanji, mtima uli womwewo? Madzi a m'mipopi yathu amachita kukankhidwa ndi makina kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwera mtunda wonse uja. Makinawo akachepa mphamvu, imayamba kuuma ndi mipopi ya kumtunda ndi ya kumapeto kwa mapaipi. Mtima wofooka umateronso. Thupi limasungira magazi ubongo ndi mtima womwewo, minofu ya m'miyendo n'kumalandira otsala. Minofuyo ikakhala yosagwira ntchito imafota, ndipo ikafota imatopa msanga n'kumachititsa munthu befu pa ntchito yochepa. Befu wambiri amene odwala amadandaula naye amachokera m'ntchafu ndi m'akatumba, osati pachifuwa pokha. Kuyenda tsiku ndi tsiku kumaphunzitsa minofu kugwira ntchito yomweyo ndi magazi ochepa, kumathandiza timitsempha kutseguka bwino, ndipo mtima umapepukidwa.

Choyamba: dziwani dzina la matenda anu, ndipo pemphani chilolezo

"Ndili ndi vuto la mtima" si dzina la matenda. Kuno kwathu mtima umafooka pa zifukwa zingapo, ndipo chilichonse chili ndi malamulo ake. Chofala kwambiri ndi BP yomwe yakhala yokwera zaka zambiri popanda mankhwala. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse azaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Ena mavavu a mtima wawo, timazitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, anaonongeka ali ana chifukwa cha zilonda za pakhosi zomwe sizinachiritsidwe. Amayi ena mtima umafooka kumapeto kwa mimba kapena miyezi yoyambirira atachira. Ena TB inalowa m'kathumba kokuta mtima n'kuunjikamo madzi. Enanso ndi mowa, shuga, kapena kutsekeka kwa mitsempha ya mtima.

Pa tsiku lanu la kiliniki, kaya ndi ku Kwinzi, ku Mlambe, kapena pachipatala chaching'ono cha Ndirande, Limbe, Zingwangwa kapena Chilomoni, funsani adokotala momveka: "Kodi ndingayambe kuyenda kolimbitsa thupi? Pali chomwe sindiyenera kuchita?" Apempheni alembe yankho m'kabuku kanu ka kuchipatala. Mzere umakhala wautali ndipo adokotala amakhala pa changu, choncho konzekerani funsolo musanalowe. Ngati munajambulidwa sikani ya mtima, funsani ngati pali vavu yomwe yaphinjika kwambiri, chifukwa munthu wa vavu yotere angakomoke akadzikakamiza. Ngati n'kotheka, pemphani kuti akutumizeni kwa a mafizo kuti ulendo woyamba muyende akuonani. Ku Kwinzi aliko, ndipo pafupi pomwepo pali malo a mafizo a Kachere.

Pali anthu amene sayenera kuyamba pakali pano: amene amabanika ali chikhalire, amene phuma lawo lakula m'masiku 3 mpaka 5 apitawa, amene amamva kupweteka pachifuwa akangosuntha pang'ono, amene minofu ya mtima kapena kathumba kake katupa posachedwa, ndiponso amene BP yawo ili pamwamba pa 180 pa 110 kapena shuga wawo sakutsika. Amenewa ayambe akhazikika ndi mankhwala.

Chachiwiri: dziyezeni m'mawa uliwonse musanavale nsapato

Mtima wofooka sufanana masiku onse. Dzulo munayenda bwino sizitanthauza kuti lero mutero. Mukadzuka, mutakodza koma musanadye, kwerani sikelo. Mukapeza kuti mwaonjezera makilogalamu 2 m'masiku 3, amenewo si mafuta, ndi madzi amene ayamba kuunjikana m'thupi. Tsiku limenelo musayende, pitani kuchipatala. Sikelo ikhale imodzimodzi. Masikelo a m'misewu ya mu Limbe ndi m'tauni aja, olipira kandalama, amasiyana okhaokha, ndipo mukamasinthasintha mudzangodziopseza pachabe. Ngati banja lingasonkhe ndalama yogulira chinthu chimodzi, ndinganene kuti agule sikelo, osati timabotolo ta mavitamini.

Ngati sikelo palibe, thupi limanena lokha. Dinani chala pafupa la pamwamba pa kakolo masekondi 5; chikasiya dzenje lakuya kuposa masiku onse, madzi achuluka. Nsapato kapena lamba zikayamba kuthina, n'chimodzimodzi. Dzifunseninso za usiku: kodi mwagonera mapilo ambiri kuposa kale? Mwadzidzimuka mukusowa mpweya mpaka kutsegula zenera? Mukutsokomola mukagona chagada? Zimenezi zikachitika, ulendo wa tsikulo ndi wa kuchipatala.

Kenako gwirani pamkono, mbali ya chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa mtima masekondi 30 n'kuchulukitsa ndi 2. Ukapitirira 100 muli chikhalire, kapena ukatsika pansi pa 50 inu mukumva chizungulire, khalani kaye. Musayendenso ngati thupi latentha, muli ndi malungo, chimfine chachikulu, mukutsegula m'mimba kapena kusanza.

Zonsezi sizitha mphindi 5. Lembani mu kope la sukulu: tsiku, sikelo, kugunda kwa mtima, mphindi zomwe mwayenda, ndi momwe mwamvera.

Chachitatu: sankhani njira ndi nthawi, chifukwa Blantyre ndi wa zitunda

Malangizo ambiri amangoti "yendani mphindi 10 pamalo athyathyathya." Wolemba zimenezo sanakhalepo m'mphepete mwa phiri la Ndirande, ku Mbayani, ku Chilobwe kapena ku Bangwe, kumene kupita kuchimbudzi komwe ndi kukwera masitepesi. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, ndipo misewu yake yambiri imakwera kapena kutsika. Nkhani ya njira ndi imene imagwetsa ambiri ulesi sabata yoyamba.

Msampha wake ndi uwu. Nyumba ili kumtunda, munthu amatuluka n'kuyamba kutsetsereka. Thupi limamva kupepuka, iye n'kumati lero ndili bwino, n'kupitirira mpaka kumsewu waukulu. Pobwerera ndiye chitunda chonse chija, mphamvu zitatha kale. Amafika pakhomo ali wefuwefu, abale n'kunena kuti, "Tinanena ife." Mawa lake sayendanso.

Choncho masabata oyamba funani kamalo kathyathyathya ngakhale kafupi, muziyenda uku ndi uku. Bwalo la pakhomo la mamita 10 ndi lokwanira. Khonde la tchalitchi kapena la mzikiti, bwalo la mpira la pasukulu ya pulayimale ana atalowa m'kalasi kapena ataweruka, zonsezi ndi malo abwino. Amene ali pafupi ndi Njamba kapena mbali ya Chichiri kufupi ndi Kamuzu Stadium ali ndi mwayi, chifukwa kumeneko malo ogona bwino amapezeka. Ngati malo abwino ali kumunsi kwa chitunda, palibe manyazi kupita ndi kubwerera pa kabaza kapena pa minibasi n'kukayenda kumeneko. Ena adzaseka kuti mukukwera galimoto kuti mukayende wapansi. Asiyeni aseke. Mukadzalimba n'kufuna kuyesa mtunda, yambani ndi kukwera muli ndi mphamvu, kuti pobwerera muzitsika.

M'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere muli poyenda pabwino m'malo ena, koma nthawi yopita ndi yoweruka kuntchito utsi wa magalimoto umachuluka, ndipo utsi umavutitsa mapapo ndi mtima womwe. Pewaninso kudutsa pomwe akuotcha zinyalala.

Nthawi imadalira nyengo. Mu Okutobala ndi Novembala yendani m'mamawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo litapendeka. Kutentha kumatsegula mitsempha ya pakhungu, thukuta limachotsa madzi, ndipo kwa munthu womwa mankhwala a BP ndi okodzetsa, mapeto ake ndi chizungulire. Mu Juni ndi Julaye zimatembenuka. Chiperoni chikagwa, kuzizira kumafinya mitsempha, BP imakwera, ndipo amene ali ndi vuto la mitsempha ya mtima amamva kupweteka pachifuwa msanga. Dikirani kunja kufunde, valani juzi ndi chipewa, kapena yendani m'nyumba momwemo. M'dzinja tinjira ta m'makwalala timaterera. Kugwa n'koopsa makamaka kwa omwa warfarin, poti magazi awo sachedwa kutuluka ndipo amachedwa kuundana.

Musayende mutangodya nsima. Magazi ambiri amakhala atapita m'mimba, choncho dikirani ola limodzi kapena awiri. Nkhani ina imene anthu amachita nayo manyazi ndi ya furosemide, piritsi lokodzetsa lija. Limagwira mwamphamvu ola loyamba ndi lachiwiri, ndipo limapitirira mpaka maola pafupifupi 6. Ena amalidumpha kuti asavutike panjira. Musatero. Yendani m'mamawa n'kudzamwa pobwera, kapena imwani m'mawa n'kudzayenda madzulo.

Valani nsapato zotseka zosaterera, osati patapata. Masabata oyamba yendani ndi munthu wina, foni ili m'thumba ndi mayunitsi ake.

Chachinayi: kayendedwe kake

Ulendo uliwonse uli ndi zigawo zitatu, ndipo choyamba ndi chomaliza ndi zomwe anthu amadumpha.

Yambani ndi kutenthetsa thupi mphindi 5 mpaka 10. Muli pampando, zunguzani mapazi, pindani ndi kuongola mawondo, zunguzani mapewa. Imirirani pang'onopang'ono, mupondeponde pamalo amodzi, kenako muyambe kuyenda mwachifatse ngati mukuperekeza mlendo. Mtima wofooka umachedwa kuonjezera liwiro, ndipo ukadzidzimutsidwa umatha kugunda mosalongosoka.

Kenako yendani mwa ndawala yoyenera inuyo. Muyeso wake suli pa wotchi koma pakamwa. Mnzanu akakupatsani moni, muzitha kuyankha kuti, "Ndadzuka bwino, kaya inu, kunyumba kwacha bwanji?" mpweya osakutherani pakati. Ngati mukudula mawu awiriawiri kuti mupume, mwathamanga, chepetsani. Ngati mungathe kuimba nyimbo yonse ya kwaya osavutika, onjezerani liwiro pang'ono. Mukhale pakati pamenepo: kupuma kwakwera, thupi lafunda, koma kulankhula kukutheka. A mafizo ali ndi muyeso wa Borg woyambira pa 6 kufika pa 20, ndipo amafuna muzikhala pakati pa 11 ndi 14, kutanthauza kuti ntchito ikumveka koma sikukupanikizani.

Kuwerenga kugunda kwa mtima kumathandiza, koma kumasokeretsa ena. Mankhwala monga carvedilol, bisoprolol ndi atenolol amaletsa mtima kuthamanga, choncho mukamadikira kuti ufike pa manambala a m'mafoni ndi m'mawotchi aja, mudzadzipweteka. Kwa ongoyamba, kugunda kusapitirire 20 kapena 30 pamwamba pa momwe unalili muli chikhalire. Amene mtima wawo umagunda modumphadumpha adalire muyeso wa kulankhula.

Muyambe ndi mphindi zingati? Ngati mumabanika mukangoyenda pang'ono, yendani mphindi imodzi kapena ziwiri, mupume pampando mphindi ziwiri, mubwereze katatu kapena kanayi. Chitani zimenezi kawiri patsiku. Ngati mumatha kuyenda m'nyumba ndi pabwalo popanda vuto, yambani ndi mphindi 5 mpaka 10, kawiri patsiku. Zidzaoneka zochepa, makamaka kwa bambo amene kale ankayenda wapansi kuchoka ku Machinjiri kukagwira ntchito ku Makata. Koma tsiku loyamba muyenera kumaliza mukumva kuti mukanatha kupitiriza.

Masiku angapo alionse, ngati zonse zili bwino, onjezerani mphindi imodzi kapena ziwiri. Onjezerani nthawi kaye, liwiro pambuyo, chitunda pomaliza, ndipo musaonjezere ziwiri tsiku limodzi. Cholinga ndi kufika mphindi 30, masiku 5 pa sabata, zomwe zimakwana mphindi 150 zimene bungwe la WHO limalimbikitsa kwa akuluakulu. Ena amafika pamenepo m'miyezi iwiri, ena m'miyezi 6, ndipo ena safikapo koma amapindulabe. Mphindi 10 katatu patsiku zimawerengedwanso.

Vuto lina ndi moni wathu. Kuyenda m'dera lomwe aliyense amakudziwani kumasanduka kuima pakhomo lililonse kufotokoza za matenda, mphindi 20 n'kutha mutayenda mamita 100. Kwezani dzanja, nenani kuti mudzacheza pobwera.

Pomaliza musaime mwadzidzidzi. Chepetsani liwiro pang'onopang'ono kwa mphindi 5 kapena kuposerapo. Poyenda, akatumba amathandiza kukankhira magazi kubwerera kumtima. Mukaima kamodzin'kamodzi magazi amatsalira m'miyendo, BP imagwa, maso n'kuchita mdima. Mukafika musasambe madzi otentha kwambiri nthawi yomweyo.

Dziwani kuti mwapyola muyeso ngati patatha mphindi 10 mukupumabe mwabefu, kapena ngati mawa lake mwadzuka otheratu. Bwererani pa mphindi za sabata yatha.

Chachisanu: zizindikiro zoti muime pomwepo

Imani ndi kukhala pansi mukamva kupweteka, kulemera kapena kufinya pachifuwa, kaya kukufalikira kudzanja, kunsagwada kapena kumsana. Mukabanika mpaka kulephera kulankhula. Mukamva chizungulire kapena ngati mukomoka. Mtima ukayamba kugunda mothamanga mosalongosoka. Mukatuluka thukuta lozizira kapena kuchita nseru. Ngati adokotala anakupatsani kapiritsi koika pansi pa lilime, kaikeni muli pansi, osati choimirira. Zikapanda kusintha m'mphindi 5 mpaka 10, pezani galimoto mupite kuchipatala. Ku Kwinzi odwala mwadzidzidzi amalandiridwa usana ndi usiku. Musayende wapansi kupita kumeneko, ndipo musadziyendetsere galimoto. Pakamwa pakapotoka, dzanja likafooka kapena mawu akayamba kusokonekera, imeneyo ndi sitiroko, musadikire n'komwe. Ngakhale zizindikiro zitatha zokha, musayendenso mpaka mutauza adokotala.

Chachisanu ndi chimodzi: kulimbitsa minofu

Mukayenda masabata 3 kapena 4 popanda vuto, onjezerani zolimbitsa minofu masiku awiri kapena atatu pa sabata, osati motsatizana. Simufunika jimu.

Chofunika kuposa zonse ndi kudzuka pampando. Tsamiritsani mpando wolimba kukhoma, khalani, imirirani, khalaninso mwapang'onopang'ono osadziponya. Yambani ndi ka 5, mupume, mubwereze. Poyamba gwirani m'mawondo kapena m'mbali mwa mpando. Pakapita nthawi pindani manja pachifuwa. Ntchafu zikalimba, kukwera minibasi, kudzuka pamphasa ndi kugwiritsa ntchito chimbudzi chokumba zimapepuka. Kenako gwirani tebulo, nyamukani ndi zala za kumapazi, tsikani, ka 10. Za manja, tengani mabotolo awiri a madzi a theka la lita, lililonse limalemera theka la kilogalamu. Pindani zigongono ka 10, kwezani manja kufika m'mapewa ka 10. Mukafika pobwereza ka 15 mosavuta, sinthani mutenge a lita imodzi.

Lamulo lake ndi limodzi: musamange mpweya. Tulutsani mpweya pamene mukudzuka kapena kukweza, kokani pamene mukutsika. Kumanga mpweya n'kuchita kudzikanikiza kumakweza BP mwadzidzidzi, kenako n'kuigwetsa. Kuwerenga mokweza mawu kumathandiza, chifukwa munthu sangawerenge atamanga mpweya.

Phunziraninso kupuma kothetsa befu: kokani mpweya ndi mphuno powerenga mpaka 2, tulutsani ndi milomo yosongoka ngati mukuuzira phala powerenga mpaka 4. Mukabanika panjira, tsamirani khoma kapena weramirani kutsogolo pang'ono manja ali m'mawondo, n'kupuma motero.

Ntchito za pakhomo si mafizo

Amayi ambiri amayankha kuti, "Ine mafizo ndimapanga kale, ndimatunga madzi, ndimachapa, ndimalima." Ntchito zimenezo n'zolemetsa, koma kulemera kwake n'kwa mtundu wina. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo poitukula kuti ifike pamutu munthu amamanga mpweya, manja ali m'mwamba, kenako n'kukwera nayo chitunda kuchoka pampopi. Kusinja mumtondo, kuwaza nkhuni, kunyamula thumba la makala kapena la chimanga la makilogalamu 50, kukankha galimoto yomwe yakana kulira, zonsezi ndi mphamvu yambiri ya nthawi imodzi, zomwe mtima wofooka sufuna. Mtima umafuna ntchito yopepuka, yofanana, yopitirira.

Sizikutanthauza kuti musiye ntchito zonse. Tungani madzi mu kachigubu ka malita 5. Chapani mutakhala pampando, beseni lili patebulo kapena pa chinthu chokwera, wina akuthandizeni kufinya mabulangete ndi kuyanika. Sesani ndi tsache la mpini wautali m'malo mowerama. Mphika waukulu wa nsima ya pamaliro avundule ena. Kudimba kapena kumunda, mukakhala kuti mwakhazikika ndipo adokotala avomera, palirani mphindi 10 m'mamawa n'kupuma, koma kugalauza ndi kubandira siyirani achinyamata. Mbaula ikhale panja, osati m'chipinda chotseka.

Nkhani ya m'banja anthu safunsa, koma amaiganizira. Muyeso womwe madokotala amagwiritsa ntchito ndi wakuti munthu amene angakwere masitepesi a nyumba yosanja kawiri popanda kupweteka pachifuwa kapena kubanika kwambiri, kawirikawiri angathe kukhala malo amodzi ndi mnzake. Abambo asamale ndi mapiritsi opatsa mphamvu ogula mwamseri. Sildenafil, mmodzi mwa mapiritsi amenewa, akakumana ndi mankhwala a kupweteka kwa pachifuwa kochokera kumtima monga isosorbide kapena kapiritsi ka pansi pa lilime kaja, BP imatha kugwa mpaka munthu kufa.

Madzi, mchere ndi mapiritsi

Langizo lija loti pochita masewera imwani madzi ambiri si lanu. Ngati adokotala anakupatsani muyeso wa madzi a patsiku, tsatirani umenewo, ndipo poyenda muzingomwa pang'onopang'ono. Koma mukatsegula m'mimba kapena kusanza muli pa mankhwala okodzetsa ndi enalapril, pitani kuchipatala msanga, chifukwa impso zimatha kuonongeka.

Mchere umakoka madzi. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo wobisika m'zakudya. Kwathu kuno umabisala mu usipa ndi matemba ouma ndi mchere, m'tchipisi cha pachiwaya, m'timakyubu tokometsera ndiwo, m'masoseji, ndiponso mu soda wothira m'therere ndi m'nkhwani. Nsomba zouma zivikeni kaye n'kutaya madziwo.

Miyendo ikamawawa chifukwa cha kuyenda, musathamangire ku golosale kukagula ibuprofen, diclofenac kapena indosidi. Mankhwala amenewa amasungitsa madzi ndi mchere m'thupi ndipo abwezera odwala mtima ambiri m'chipatala. Panado ndiye wosavuta. Ndipo mukayamba kupeza bwino musasiye mapiritsi anu. Kupeza bwinoko kukuchokera ku ziwiri zonsezo.

Ena ofunika kusamala mwapadera

Amene anachitidwa opaleshoni ya mavavu, monga ambiri amene amatumizidwa ku India, ayambe kuyenda msanga, koma fupa la pachifuwa limatenga masabata 6 mpaka 12 kuti ligwirane. Nthawi imeneyi asanyamule choposa makilogalamu 5, asabereke mwana, ndipo asakwere kabaza m'misewu ya mabampu. Achinyamata a mavavu oonongeka asadumphe jakisoni wa penisilini wa mwezi ndi mwezi, ndipo za mpira wa mpikisano afunse kaye. Mayi amene mtima unafooka atachira ayende wopanda mwana kumsana mpaka atalimba, ndipo akambirane ndi adokotala za kulera asanaganize za mimba ina. Odwala shuga amene amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide asayende ndi njala, atenge maswiti m'thumba, ndipo aziyang'ana mapazi pobwera.

Mukadukiza, ndi poyeza ngati mukupita patsogolo

Mudzadukiza ndithu: maliro, mvula ya masiku angapo, malungo, kugonekedwanso m'chipatala. Mukakhala sabata kapena kuposerapo osayenda, musayambire pomwe munalekera. Yambani ndi theka la mphindi zija, mukwere pang'onopang'ono. Ngati munagonekedwa, funsaninso chilolezo potuluka.

Kamodzi pamwezi dziyeseni momwe a chipatala amayezera. Pamalo athyathyathya ikani miyala iwiri motalikirana mamita 30, kapena mtunda uliwonse womwe mungaubwereze mwezi wamawa. Wina agwire wotchi. Yendani uku ndi uku kwa mphindi 6 pa liwiro lomwe mungathe, kupuma n'kololedwa koma wotchi isaime, ndipo werengani maulendo. Lembani mu kope lija, ndipo pa tsiku la kiliniki litengeni pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse omwe mukumwa, azitsamba omwe. Maulendo akamatsika miyezi iwiri yotsatizana pamene mukuyenda mokhulupirika, auzeni adokotala ngakhale miyendo isanatupe. Kawirikawiri pamakhala chifukwa chopezeka, monga kuchepa kwa magazi kapena kwa ayironi, mtima womwe wayamba kugunda mosalongosoka, impso, kapena mlingo wa mankhwala wofunika kusintha.